Kupanga sasipenshoni yakutsogolo ya galimoto yam'tchire: 3-link, panhard ndi ma coilover

Ngati mukumanga nokha galimoto yoti izikwera miyala, kuwoloka matope ndi kudutsa m'zigwembe, chimene chidzakudyereni nthawi kwambiri si injini ayi, ndi kutsogoloku. Kumbuyo ekiselo imangokwera ndi kutsika basi, koma kutsogolo matayala akuyenera kukwera, kutsika, kupendekeka komanso kukhota nthawi imodzi, ndipo malo omwewo muli sampu ya oyilo, steering box, propshaft yopititsa mphamvu ku difu, ekizozi, zonse zikulimbirana kampata kamodzi. Nde apa ndifotokoza mmene mungapangire ya 3-link yokhala ndi panhard pa ekiselo yathunthu ija, solid axle, kenako nkuikapo ma coilover, mashock okhala ndi sipuling'i yozungulira kunja kwake.

Bwanji 3-link? Ma A-arm, pomwe tayala lililonse limayenda palokha, ndi abwino pothamanga m'malo a mabampu koma kuwerengera kwake nkwambiri ndipo ma CV joint, molumikizira mashafti oyendetsa matayala, amakupatsani malire msanga. Masipuling'i amasamba aja ndi osavuta koma amagunda ndipo sapindika mokwanira. Ma radius arm, mikono iwiri yogwira ekiselo ku chasisi, ngati a pa Land Cruiser 80, Defender kapena Patrol Y60 ndi olimba zedi, palibe angatsutse, koma tayala limodzi likakwera lina nkutsika mikono iwiri ija imayamba kulimbana, mabushi a labala ndi amene amapereka mpata, akafika pothera basi tayala lili m'mwamba. Pa 3-link muli malinki, zitsulo zolumikiza ekiselo ku chasisi, awiri apansi, imodzi yapamwamba, ndi panhard yogwira ekiselo kuti isamapite uku ndi uku. Palibe cholimbana ndi chinzake, ekiselo imapotoka momasuka.

Makina owotcherera aja musawayatse kaye. Ntchito imayamba ndi tepi, choko ndi pansi posalala. Ikani chasisi pa masitandi olimba, osati pa jeke yokha chonde, ndipo ikhale pa msinkhu weniweni umene galimoto idzakhale ikadzatha, injini, giya bokosi, winch ndi zonse zili mkati. Msinkhu umenewu ndi umene muyeso wina uliwonse udzatsamirepo, mukausintha pakati pa ntchito ndiye kuti zonse mwayambiranso. Ine ndimakonda kuwotcherera timiyendo tachitsulo kuchokera pa chasisi kufika pansi kuti olo wina atsamire kapena agunde isasunthe. Pimani ndi levulo mbali zonse. Kenako pezani pakati penipeni pa chasisi kutsogolo ndi kumbuyo, tsitsani chingwe chokhala ndi kachitsulo kolemera kunsonga, lembani madontho pansi, jambulani mzere wautali. Mzere umenewo usafufutike mpaka ntchito ithe, matanipo tepi ya pepala ngati anthu amapondapo.

Za msinkhu, langizo langa nloti galimoto ikhale yotsika mmene mungathere. Anthu amakonda kuikweza kwambiri kuti izioneka yoopsa, koma galimoto yaitali imagubuduka msanga pamalo opendekeka ndipo malinki onse amaima chotsetsereka, zimene zimabweretsa mavuto onse amene tikambe m'munsimu. Bola kudula fenda kusiyana ndi kukweza.

Tsopano lowetsani ekiselo pansi, nayonso pa masitandi ake, pakati pa habu pakhale pa msinkhu wa theka la tayala lanu. Tayala lolembedwa mainchi 35 likapopedwa nkusenza galimoto silikwana 35, choncho pimani lenilenilo, musakhulupirire zolembedwa m'mbali. Ekiselo ikhale pakati pa mzere uja, ndipo yezani mopingasa: kuchokera ku habu yakumanzere kutsogolo kufika pa kadontho ka pa mzere wapakati kumbuyo, kenako yakumanja kufika pa kadontho komweko. Miyeso iwiriyo ifanane mpaka mamilimita awiri kapena atatu. Ikasiyana galimoto idzayenda chammbali moyo wake wonse.

Apa pakubwera caster, ndipo apa ndichedwapo. Caster ndi kupendekeka kwa mzere umene tayala limazungulirapo pokhota, kumtunda kwake kutsamira chakumbuyo, monga mmene foloko ya njinga imakhalira, nchifukwa chake njinga imatha kuyenda mowongoka olo mutasiya mahandulo. Pa solid axle ya matayala akuluakulu funani madigiri 5 mpaka 7. Ikachepa, tinene 1 kapena 2, chiwongolero sichibwerera chokha mukamaliza kukhota ndipo galimoto imangoyendayenda pamsewu, kuigwira ndi manja awiri thukuta lili kamukamu. Ikachuluka kwambiri chiwongolero chimalemera. Pimani poika angle finder pamalo osalala pamwamba pa knuckle, chitsulo cha kunsonga kwa ekiselo chimene chimakhota ndi tayala, kapena pa kingpin bearing cap, chivundikiro cha bering'i imene knuckle imazungulirapo, olo foni ili ndi app yoyeza madigiri imathandiza bola muyambe mwaipima pa levulo.

Vuto ndi loti caster ndi pinion, giya ya pamphuno ya difu pomwe pamamangidwa propshaft, zili pa chitsulo chimodzi. Mukapotoza ekiselo kuti caster ikwere, mphuno ya difu imaloza pansi ndipo propshaft imathyoka ngodya yaikulu. Mukaipotoza kuti pinion iloze ku transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, mmene propshaft ya double cardan, ya ma joint awiri ogundana, imafunira, caster yathawa. Pa galimoto yotsika zimatheka kupeza pakati. Pa yokwezedwa kwambiri njira yake ndi kudula nsonga za ekiselo zija pamene pamakhala ma knuckle, kuzizunguza, nkuwotchereranso, ndipo imeneyo ndi ntchito ya munthu amene dzanja lake linakhazikika pa welding, osati yophunzirirapo. Zikakanika zonse, sankhani caster. Propshaft yonjenjemera pang'ono mukhoza kukhala nayo, galimoto yosawongoleka ayi. Mukapeza pabwino, gwirizitsani ekiselo ku chasisi ndi tizitsulo takanthawi kuti isasunthenso.

Ambiri akafika apa amathamangira malinki chifukwa ndi amene amaoneka bwino pa zithunzi. Ayi akulu, yambani ndi chiwongolero ndi panhard, chifukwa ziwirizi ndi zimene zilibe malo ena opita. Drag link, chitsulo chochokera pa pitman arm, kamkono ka steering box, kupita ku knuckle ya tsidya lina, imayenda chozungulira ekiselo ikamakwera ndi kutsika. Panhard nayo imayenda chozungulira. Ngati mizere iwiriyo siifanana, ekiselo ikakwera pa bampu imakoka drag link ndipo matayala amakhota okha inu musanakhudze chiwongolero, ndiyo bump steer imene imapangitsa chiwongolero kumenya m'manja. Mankhwala ake: panhard ndi drag link zikhale zofanana kutalika, zofanana kupendekeka, ndipo panhard imangidwe ku chasisi mbali yomweyo imene kuli steering box. Poyeza musayang'ane thupi la chitsulo, nthawi zina limakhala lopindika kuti lizembe difu, kokani chingwe kuchokera pakati pa bawuti imodzi kufika pakati pa inzake, mzere umenewo ndi umene ukuwerengedwa.

Komanso ziwirizi zikhale zazitali ndi zogona mmene mungathere. Taonani chitsanzo ichi, mukhoza kuchiwerengera nokha pa foni. Panhard ya masentimita 80 ikakhala yogona ndithu, ekiselo ikatsika masentimita 20 imasunthira kumbali pafupifupi masentimita 2.5 okha. Panhard yomweyo ikayamba ili yopendekeka kale ndi masentimita 10, kutsika komweko kumaikankhira kumbali masentimita opitirira 5. Kuwirikiza kawiri, chifukwa cha kabulaketi kamodzi ka pa ekiselo kamene munakaika pansi kwambiri. Nchifukwa chake anthu amakweza bulaketi ya panhard pa ekiselo ndi kusamutsira drag link pamwamba pa knuckle. Kukweza panhard kumakwezanso roll centre, malo amene thupi la galimoto limapendamirapo, galimoto sipendama kwambiri m'makona. Koma yang'anani kuti ekiselo ikakwera mpaka pothera bulaketiyo isakagunde chasisi kapena sampu.

Bulaketi ya panhard ya ku chasisi ndi imene imavutika kuposa zonse pa galimoto yonse, mphamvu iliyonse ya mmbali imadutsa pamenepo, komanso ndi yolendewera pansi nde imakhala ngati ikufuna kung'amba chasisi. Ipangeni ngati bokosi, ndi puleti ya mamilimita 6, igwire pansi ndi m'mbali mwa chasisi, ndipo ngati nkotheka ponyani paipi yoigwira kuchokera ku njanji ya chasisi ya tsidya lina.

Tsopano malinki. Apansi akhale aatali, ambiri amapanga pakati pa masentimita 80 ndi mita imodzi, ndipo akhale pafupi ndi kugona galimoto ili pa msinkhu wake. Linki yaifupi yoima chotsetsereka imatanthauza kuti tayala likagunda mwala liyenera kupita kutsogolo kuti likwere, pomwe mwalawo ukulikankhira kumbuyo, nde kugunda konseko kumalowa m'chasisi mpaka kumsana kwanu. Pa ekiselo amangeni chakunja pafupi ndi ma knuckle, koma khotetsani tayala mpaka pothera muone ngati silikhula linki, nthawi zambiri pamafunika kuwalowetsa pang'ono mkati ku mbali ya chasisi.

Mpata wa pakati pa linki yapamwamba ndi zapansi, poyeza choimirira pa ekiselo, ukhale pafupifupi kota ya kutalika kwa tayala. Matayala a mainchi 35 ndiye kuti masentimita 22 kapena kuposerapo. Chifukwa chake nchakuti mukaponda buleki, pansi pamakoka tayala kumbuyo, ekiselo imafuna kugudubuka, malinki apansi amapanikizika pomwe yapamwamba imakokedwa, ndipo ili yokhayokha. Ngati malinki apansi ali masentimita 40 kuchokera pansi ndipo mpata ndi 22, yapamwamba ikusenza pafupifupi kawiri mphamvu yonse ya buleki. Mukachepetsa mpata kufika 11, ikusenza pafupifupi kanayi. Ndipo linki imeneyi ikaduka kapena bulaketi yake ikazuka, ekiselo imagudubuka yonse, chiwongolero ndi mapaipi a mabuleki zimapita nthawi imodzi. Nde musaipeputse poti ili pamwamba siigunda miyala.

Kutalika kwake, kutsogolo kuno ndimakonda ikhale pafupi ndi zapansi. Ikafupika kwambiri, ekiselo ikamatsika imakokedwa kumtunda kwake, mphuno ya difu imaloza pansi nthawi imene propshaft yathyoka kale. Ku chasisi mpata ukhale wocheperako kusiyana ndi wa pa ekiselo, ndipo boolani mabowo atatu otsatizana choimirira pa bulaketi ya yapamwambayo kuti mudzathe kusintha mmene mphuno ya galimoto imagwera mukaponda buleki osadulanso kanthu. Mbali yoiika ndi imene kuli malo, ekizozi ndi sitata ndi zimene zimalamula. Pa intaneti pali ma calculator a 3-link aulere, lowetsanimo miyeso yanu musanadule chitsulo.

Za zipangizo sindichedwapo. Paipi ikhale ya mtundu wolimba wachitsulo wotchedwa DOM, osati paipi ya madzi, osati ya mipando. Malinki apansi ambiri amagwiritsa ya mainchi 2 yokhuthala kota ya inchi, mamilimita 6 ndi pang'ono, poti ndi amene amakhala pa miyala. Panhard ya inchi imodzi ndi theka yokhuthala chimodzimodzi. Paipi ya chitsulo cha Chromoly 4130 ndi yolimba koma imafuna welding ya TIG ndi munthu woidziwa, ngati mulibe zimenezo DOM wamba ndi yokwana. Kunsonga mukhoza kuika ma heim joint, ma joint okhala ndi mpira wachitsulo wobowola mkati, aakulu a inchi ndi kota pansi, a 7/8 pa panhard, kapena ma joint otha kumasula nkuthira girisi ngati Johnny Joint, kapena mbali imodzi bushi ya labala kuti phokoso lichepe. Nsonga imodzi ikhale ya mazinga akumanja ina akumanzere, mukatero mumangopotoza paipi kuti italike kapena ifupike osamasula bawuti. Mabawuti akhale 10.9 kapena Grade 8, adutse m'makutu awiri a bulaketi osati khutu limodzi, ndipo mbali yosalala ya bawuti ndi imene ikhale m'mabowo, mazinga akhale kunja.

Musanadule DOM yanu yodulayo, pangani malinki achinyengo ndi paipi ya pulasitiki kapena zitsulo zotsala. Mabulaketi jambulani kaye pa katoni, dulani ndi sizasi, yesani, kenako ndi pamene mukopere pa puleti. Chilichonse chigwidwe ndi timadontho ta welding tokha, tokwana kunyamula ekiselo koma toti gulayinda ichotse mu mphindi imodzi. Pomanga makutu a bulaketi ikani joint yeniyeniyo pakati ndi kawashala kopyapyala kowonjezera, chifukwa chitsulo chikazizira chimakokana ndipo joint ija imakana kulowa.

Ndiye chotsani tizitsulo takanthawi tija muyambe kuiyendetsa ndi jeke, popanda masipuling'i. Gawo ili ndi limene limasiyanitsa galimoto yabwino ndi yongooneka bwino, ndipo limatopetsa, koma musalidumphe. Kwezani ekiselo yonse mpaka china chigunde, onani chagunda nchiyani. Itsitseni yonse. Kwezani kumanzere kokha kumanja kuli pansi, tembenuzani. Pa malo aliwonsewo zunguzani chiwongolero mpaka pothera uku ndi uku, tayala lenileni litamangidwa. Lowani pansi ndi tochi. Mukufuna kuona difu ndi sampu, linki yapamwamba ndi ekizozi, tie rod yolumikiza ma knuckle awiri ija ndi chivundikiro cha difu, pitman arm ndi panhard, tayala ndi chasisi, ma joint ngati afika pothera kupendekeka kwawo, propshaft ngati ikuzungulira ndi dzanja popanda kugwira komanso ngati silipi yake, pamene imatalika ndi kufupika, siikutha kapena kusolokoka. Paliponse pamene papita chala chimodzi chokha, dziwani kuti pa liwiro zidzagundana, chifukwa injini imagwedera pa ma mounting ake ndipo zitsulo zimapindika pang'ono. Siyani mpata wa zala ziwiri. Pomwepo mangani kandodo pa chiwongolero, kwezani ndi kutsitsa ekiselo, muone ngati matayala akukhota okha. Ngati akutero bwererani ku panhard, osapitirira.

Mashock amabwera pomaliza chifukwa tsopano mukudziwa ekiselo imayenda kuchokera pati kufika pati. Ma coilover a mainchi 12 kapena 14 ndi amene ambiri amaika kutsogolo. Tulutsani nayitrojeni, chotsani masipuling'i, kwezani ekiselo mpaka pothera, finyani shock kutsale masentimita awiri a ndodo yake akuoneka, pamenepo ndi pamene pakhale bulaketi yapamwamba. Pansi imangidwe pafupi ndi tayala mmene mungathere, iime pafupi ndi chilili, kumtunda kutsamire mkati pang'ono kuti tayala likapendekeka lisakhule sipuling'i. Nsanja ziwiri za mashock zilumikizidwe ndi paipi yodutsa pamwamba pa injini, yomanga ndi mabawuti kuti injini idzathe kutuluka. Yokwera miyala pang'onopang'ono imatha kukhala ndi gawo laling'ono lokwera ndi lalikulu lotsika, tinene mainchi 5 kapena 6 okwera pa 14, koma ngati mumakonda kuthamanga gawani pafupi ndi pakati.

Masipuling'i musagule mongoganizira. Pimani kulemera kwa kona imodzi, kuchotsapo ekiselo ndi tayala poti izo sipuling'i siinyamula. Tinene mwapeza makilogalamu 400, mukufuna shock ifinyike masentimita 20 galimoto itaima, nkuwonjezerapo 2.5 ya preload, kufinya sipuling'i isanasenze galimoto. Gawani 400 ndi 22.5, mupeza makilogalamu 18 pa sentimita, omwe ndi pafupifupi mapaundi 100 pa inchi, poti masipuling'i a ma coilover amalembedwa choncho. Koma pa coilover pamakhala masipuling'i awiri osanjikizana, ndipo awiri osanjikizana amafewa kuposa iliyonse payokha: chulukitsani manambala awo, gawani ndi kuphatikiza kwawo. Ya 150 pamwamba ndi ya 300 pansi zimapereka 100. Yolimba ikhale pansi.

Shock isakhale chinthu choimitsa ekiselo, kaya kumwamba kaya kunsi. Bump stop, choimitsa ekiselo ikakwera mpaka pothera, igunde shock isanathe, ndipo poyeza muiwerengere itafinyika yonse. Malamba ogwira ekiselo ikamatsika amatambasuka akakokedwa mwamphamvu, nde agulidwe ofupikirako kuti shock isamalendeweretse ekiselo yonse ndi matayala ake.

Zonse zikayenda popanda kugunda, ndi pamene muwotcherere zenizeni. Masulani batire ndi kompyuta ya injini ngati ilipo, sunthani mapaipi a mafuta ndi mawaya. Chotsani ma joint onse, kutentha kumapha pulasitiki ya mkati mwake. Palani chitsulo chiwale, penti ndi dzimbiri zichoke, ndipo musatsuke malo owotcherera ndi brake cleaner ya chlorine, ikapsa imatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosgene. Makina owotcherera a MIG akhale a mphamvu yokwana kulowa m'puleti ya mamilimita 6, timakina tating'ono timangopaka pamwamba mzere wokongola koma osagwira. Ngati muli ndi ya ndodo gwiritsani 7018 zouma bwino, 6013 siyani ya mageti.

Pa ekiselo wotchererani pang'onopang'ono, masentimita atatu kapena anayi apa, dumphirani mbali ina, dikirani pazizire mpaka mutha kugwira. Mukathira moto wonse mbali imodzi paipi ya ekiselo imapindika, ndiye muzidzangosintha ma seal ndi mabering'i osadziwa chifukwa. Ma housing a Toyota ndi achitsulo chopinda, amalandira welding bwino. Ekiselo ngati Dana 44 kapena Dana 60 ili ndi mutu wa difu wa cast, pamenepo pamafunika kutenthetsa kaye ndi kuziziritsa mochedwa mutafunditsa, ndipo bola kupanga mlatho wa puleti wodutsa pamwamba pa difu wogwira mapaipi a mbali zonse, bulaketi ya linki yapamwamba nkukhala pa mlathowo. Pa chasisi yambani mwamata puleti yaikulu yokhala ndi nsonga zozungulira kapena zosongoka, bulaketi ikhale pa puletiyo, ndipo pewani mzere wowongoka wodutsa chopingasa njanji ya chasisi, mng'alu umayambira pamenepo. Tizitsulo ta mazinga tolowa kunsonga za malinki, songolani mlomo wa paipi kuti moto ulowe, zizizire zokha osathira madzi, kenako pititsanimo tap yokonzera mazinga ndi kupaka anti-seize yoletsa mazinga kumatirira. Joint ilowe m'mazinga osachepera kamodzi ndi theka kukula kwa thunthu lake.

Pentani, mangani, bwerezani kuiyendetsa ndi jeke kamodzinso poti welding imasuntha zinthu. Mapaipi a mabuleki ofewa akhale aatali moti ekiselo itatsika yonse tayala litakhota asakokeke, chimodzimodzi kapaipi kopumira difu. Popani mabuleki mpweya utuluke. Mashock abwezereni nayitrojeni pa mlingo umene opanga analemba, osati mpweya wa kompuresa. Mabawuti a mabushi a labala amangidwe galimoto itaima pa matayala ake, mukamangira m'mwamba labala amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo sachedwa kung'ambika. Toe, kuloza kwa matayala mkati kapena kunja, ikhale yolowa mkati pafupifupi mamilimita 3 kutsogolo. Chiwongolero chiwongoleni ndi drag link, ekiselo ibwezeni pakati ndi panhard, caster ikonzeni ndi linki yapamwamba, kenako manati onse otsekera amangidwe zolimba ndipo lembani kamzere ka penti kodutsa pa nati ndi paipi kuti ikasuntha muone ndi maso.

Ulendo woyamba ukhale pamalo opanda anthu, pang'onopang'ono. Pondani buleki muone ngati ikukokera mbali, dutsani pa bampu ndi tayala limodzi mumve chiwongolero, onjezerani liwiro pang'ono pang'ono. Ngati kutsogolo kwayamba kugwedezeka mwamphamvu uku ndi uku mpaka mutaima, ija amati death wobble, musathamangire kugula steering damper, shock ya chiwongolero ija, imangobisa. Wina akhale pa chiwongolero azichigwedeza galimoto ili pansi, inu mugwire joint iliyonse ndi dzanja, kuyambira pa panhard, kawirikawiri ndi bawuti yosamanga kapena bowo lokula kuposa bawuti yake. Kukakhala kuti konse kuli gwa, pimaninso caster, kenako ma kingpin bearing ndi balansi ya matayala. Mukabwerako mangitsaninso mabawuti onse ndi torque wrench, pukutani fumbi pa mabulaketi a panhard ndi a linki yapamwamba, muunike ndi tochi m'mphepete mwa welding ngati penti yang'aluka penapake.